Anakumba paphanga lathu n'kunyamula mapale ndi mafupa: tilowere kuti?

Mayi, nkhani yanu ndaimva motere. Ofufuza za mbiri yakale anafika m'mudzi mwanu m'munsi mwa phiri la Mulanje, anachititsa msonkhano kwa amfumu, analonjeza kuti mugwirira ntchito limodzi, ndipo analemba anyamata ganyu yokumba ndi kusefa dothi. Kenako anakumba paphanga pomwe akuluakulu amathira nsembe, n'kunyamula mapale, mikanda ndi mafupa. Malume anu, omwe ndi eni mbumba, anasayina pepala koma sanawasiyire kope lake. Mukufunsa ngati mungawakakamize kubweza.

Ndiyambe ndi chowawa. Lamulo la Monuments and Relics Act limati zinthu zakale zopezeka m'nthaka ndi za boma, kupatula zimene munthu ali ndi umboni woti ndi zake. Si za mudzi, ndipo si za ofufuzawo. Mukalowa m'khothi ndi mawu okhawo oti "mapale athu abwere", mlandu wanu ndi wofooka. Mphamvu yanu ili pa chilolezo. Palibe wololedwa kukumba zakale popanda chilolezo cha boma, chomwe chimadzera ku nthambi ya boma yoona zinthu zakale, ya Department of Museums and Monuments, ndipo kutulutsa zinthuzo kunja kwa dziko kumafuna chilolezo chinanso. Dzina la malume papepala, ngakhale chidindo cha amfumu, sizilowa m'malo mwake.

Tsopano mundimvetsetse bwino apa, chifukwa ndi pomwe ndaona milandu yabwinobwino ikufera. Ngati chilolezo chilipo koma mukuti chinaperekedwa osakufunsani, njira yake ndi kupempha khothi lalikulu kuti liunikenso chiganizocho. Malamulo oyendetsera milandu m'khothili, a mu 2017, amati pempho lotere lilowe msanga, pasanathe miyezi itatu chiganizocho chitapangidwa. Miyeziyo sayamba kuwerenga tsiku limene mudzi watopa ndi kudikira ayi.

Chimachitika n'chiyani? Anthu amayamba kwa nyakwawa, nyakwawa amawatumiza kwa gulupu, gulupu akuti nkhaniyi ndi ya a T/A. Akafika ku ofesi ya boma amauzidwa kuti bwana ali kumsonkhano, abwerenso Lachinayi. Kumudzi nako achibale ali pakalikiliki kuletsa: tisachititse manyazi alendo, paja analemba ana athu ganyu. Pofika kwa loya miyezi isanu yadutsa, m'manja mulibe kalata ngakhale imodzi. Zimandikwiyitsa, chifukwa ena mwa amene amakubwezabwezaniwo amadziwa kuti nthawi ikutha. Khothi lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi, inde, koma zimatengera woweruza ndi chifukwa chimene mwapereka. Kunena kuti simunauzidwe za tsiku la chilolezocho kukhoza kumveka. Kunena kuti "tinkadikira yankho la amfumu" popanda pepala nthawi zambiri sikupita patali. Kwa amfumu pitani ndithu, mwambo ndi umenewo, koma kalata iziyenda nthawi yomweyo.

Choncho sabata ino lemberani nthambi ija. Pemphani kope la chilolezo, tsiku limene chinaperekedwa, mndandanda wa zomwe zinatengedwa ndi kumene zikusungidwa. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa molemba, ndipo lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kupempha zikalata za boma. Kope lanu la kalatayo alidinde chidindo chosonyeza tsiku, musachoke asanadinde.

Sindikulonjezani kuti zinthuzo zibwerera. Ngakhale mutapambana, kawirikawiri khothi limangofafaniza chiganizo n'kuuza boma kuti liyambirenso moyenera. Nkhani ya mafupa ndiyo yolemerako: ngati ndi a anthu, gawo 26 la malamulo aakulu aja, lokhudza ufulu wa chikhalidwe, likhoza kukuthandizani kupempha kuti aikidwenso m'manda mwamwambo, komanso kusokoneza manda ndi mlandu umene mungakanene kupolisi. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha miyambo ya Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe yolemekeza mizimu ya m'phirimo. Mfundo imeneyi itchuleni m'kalata yanu, ngakhale payokha siikupatsani umwini.

Zotsalazo mwachidule. Musalande makasu ndi zipangizo zawo kapena kutseka njira, omangidwa mudzakhala inu. Jambulani dzenjelo ndi foni, lembani masiku, ndipo anyamata aganyu aja anene zomwe anaona zikulowa m'matumba, zilembedwe asanaiwale. Ngati phangalo lili m'nkhalango yotetezedwa ya phirili, yomwe inakhazikitsidwa mu 1927, a zankhalango nawo alandire kope la kalatayo. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Kwa Ombudsman mukhoza kudandaula, koma dandaulo limenelo siliimitsa miyezi itatu ija.

Ofufuzawo akafuna kubweranso, pasakumbidwe kanthu mpaka pakhale mgwirizano wolembedwa m'Chichewa: malo osayenera kukhudza, akuluakulu amene aziima padzenje, kosungira zotengedwazo, tsiku lobwezera mafupa, ndi tsiku lodzafotokozera mudzi zomwe apeza. Osayina akhale angapo, amayi akhalemo, ndipo kope limodzi litsale m'mudzi.