Tsiku limodzi la wekishopu silingakweze malikisi a ana

Aphunzitsi, mwati sukulu ya sekondale imene mukuphunzitsa ku England yakupatsani ntchito yokonza maphunziro a aphunzitsi anzanu pa nkhani ya mtundu, chikhalidwe ndi kakhozedwe ka ana, ndipo a hedi akufuna zonse zithere pa tsiku limodzi la INSET, tsiku limene ana sabwera kusukulu kuti aphunzitsi achite maphunziro awo. Tsikulo lilandireni, koma muwauze poyera kuti limenelo n'lotsegulira chabe. Mu 2007 Kwang Suk Yoon ndi anzake ku America anaunika kafukufuku wa maphunziro a aphunzitsi, napeza kuti osapitirira maola 14 sanasinthe kakhozedwe ka ana. Amene anakweza malikisi ankatenga maola pafupifupi 49.

Musanaitane munthu, khalani pansi ndi manambala a sukulu yanu a zaka zitatu zapitazi. Onani amene ali mu seti yapamwamba ya masamu (gulu la ana amene sukulu imawaona kuti ndi okhoza kwambiri), amene amatulutsidwa m'kalasi, amene amaimitsidwa sukulu, komanso amene amalembetsedwa pepala losavuta la Foundation pa GCSE, mayeso amene ana amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16. Pepala limeneli limalekeza pa giredi 5, ndiye mwana akaikidwa kumeneko molakwika, ngakhale alimbikire chotani sangaione giredi 7. Ndipo chonde musaunjike ana onse akuda m'gulu limodzi. Ku England ana a m'mabanja ochokera ku Africa, kuwatenga onse pamodzi, amakhoza GCSE kuposa azungu a komweko, pamene a m'mabanja ochokera ku Caribbean amatsalira ndiponso amachotsedwa sukulu kwambiri. Mukawaphatikiza, vuto limabisala. Gawaninso anyamata ndi atsikana, ndi olandira chakudya chaulere kusukulu chifukwa chochokera m'mabanja ovutika. Tikuti zaka zitatu chifukwa gulu likakhala la ana osakwana 10, mwana mmodzi yekha amapotoza chithunzi chonse.

Njira imene timaikhulupirira ndi ya Te Kotahitanga ya ku New Zealand, imene Russell Bishop wa ku yunivesite ya Waikato ndi Mere Berryman anayamba mu 2001 pofuna kukweza ana a Chimāori, mtundu wa eni nthaka a dzikolo. Iwo anayamba ndi kumvetsera ana a Year 9 ndi 10 (makalasi awiri oyamba a sekondale), makolo awo, mahedi ndi aphunzitsi. Ana anati chachikulu ndi mmene mphunzitsi amakhalira nawo m'kalasi. Aphunzitsi ambiri analoza chala ana ndi kunyumba kwawo. Maphunziro onse anamangidwa pa kusiyana kumeneku. Aphunzitsi ankayamba ndi msonkhano wa masiku atatu kuwerenga mawu a anawo, kenaka teremu iliyonse wina ankabwera kudzaonerera kalasi, n'kukambirana ndi mphunzitsiyo zimene waona. Aphunzitsi a maphunziro osiyanasiyana ophunzitsa kalasi imodzi ankakumana ndi kugwirizana chochita, ndipo wowathandizayo ankabweranso kudzaima nawo m'kalasi pamene akuyesa njira yatsopano.

Inu mutha kuchita chimodzimodzi mochepetsa. Funsani ana m'magulu a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, wofunsayo asakhale amene amawaphunzitsa, ndipo mayina muwachotse. Mawu awo ndiwo muwerenge pa tsiku la INSET lija. Kenaka aphunzitsi akhale awiriawiri, azioneredzana kalasi kamodzi pa theka lililonse la teremu. Woonerera asankhe ana asanu, akhale kumbuyo ndi pepala, azichonga: mwana uyu wafunsidwa kangati, funso lake linali la "inde kapena ayi" kapena lofuna kuganiza, atalakwa anathandizidwa kapena funso linangodumphira kwa wina, dzina lake linatchulidwa pomuyamikira kapena pomudzudzula pokha. Awerengenso masekondi. Mary Budd Rowe anaonetsa kalekale kuti aphunzitsi amadikira yankho kwa sekondi imodzi yokha, ndipo akadikira atatu mayankho amatalika, ana ambiri n'kuyamba kuyankha. Mwana amene kunyumba amalankhula chinenero china, masekondi amenewa amawafuna kwambiri. Pepalalo likhale la mphunzitsi mwini. Likangolowa mu faelo ya a hedi yoyezera ntchito, anthu ayamba kuchita sewero.

Ndemanga za pa ntchito ya mwana muzipatse nthawi yakeyake. David Yeager ndi anzake anafalitsa mu 2014 zimene anayesa pa ana a giredi 7 ku America. Mphunzitsi ankachonga chimangirizo monga mwa nthawi zonse, koma pamwamba pankamatidwa kapepala konena kuti ndakulembera ndemangazi chifukwa ndikuyembekezera zambiri kwa iwe ndipo ndikudziwa kuti ungazikwanitse. Mwa ana akuda amene analandira kapepalaka, 71 pa 100 alionse analembanso chimangirizocho, pamene mwa amene analandira kapepala wamba anali 17 okha. Kapepala pakokha si mankhwala: ndemanga zake zikhale zenizeni, zolozera pokonza.

Zimene zimaononga ntchitoyi n'zodziwika. Tsiku la zakudya, zovala ndi magule limasangalatsa koma siligunda seti ya masamu. Phunziro limodzi la tsankho lobisika mumtima nalonso silikwanira, pakuti Patrick Forscher ndi anzake, ataunika kafukufuku pafupifupi 500 mu 2019, anapeza kuti kusintha kwa maganizo otere sikubweretsa kusintha kwa zochita. Samalaninso ndi mndandanda wa "ana a mtundu wakuti amatere". N'zoona kuti mwana woleredwa Chimalawi amaweramitsa maso akamadzudzulidwa ndi wamkulu, ndipo mphunzitsi wosadziwa amati ndi mwano kapena bodza, n'kumuonjezera chilango. Koma mnzake wobadwira ku Leeds mwina satero. Chimene aphunzitsi aphunzire ndi kufunsa mwana ndi makolo ake asanagamule.

Chinanso chikukhudza inu mwini. Musalole kusenzetsedwa ntchitoyi nokha chifukwa ndinu wakuda pa sitafu. Pemphani kuti wachiwiri kwa a hedi akhale mwini wake pamodzi ndi inu, komanso kuti pakhale ndalama zolipirira ogwirizira makalasi pamene anzanu akuoneredzana, chifukwa popanda zimenezo dongosolo limafa teremu yoyamba isanathe. Gwirizanani zinthu ziwiri zokha zoti mudzayeze mu Julayi, monga chiwerengero cha otulutsidwa m'kalasi ndi cha olembetsedwa pepala lapamwamba la Higher, ndipo muzilembe tsiku la INSET lisanafike.