Maluwa pa makatani, mizere pa sofa: nanga zithunzi zikhale pati?

FUNSO: Aphungu, pabalaza panga pali makatani a maluwa akuluakulu ofiira ndi masamba obiriwira, ndipo sofa ndi ya mizeremizere yoyera ndi ya buluu. Mchimwene wanga wandipatsa zithunzi zitatu zosindikizidwa: china cha mbalame, china cha nyanja dzuwa likulowa, ndipo chachitatu n'cha mabokosi ndi mizere basi. Nditaziyedzeka kukhoma kuti ndione, mwana wanga wamkazi anati m'nyumba mwachuluka phokoso. Kodi ndichotse makataniwo? Mayi wa ana atatu.

YANKHO: Makataniwo asiyeni, mayi. Mwana wanuyo ali nalo diso, koma phokoso akunenalo limatha popanda kutaya kanthu.

Maso amatopa zojambula zonse zikakhala zofanana kukula. Tinene kuti duwa limodzi pa makatani anu n'lalikulu ngati chikhatho. Mizere ya sofa ikakhalanso yokhuthala choncho, inu n'kupachikapo pamwamba chithunzi cha mabokosi aakulu chimodzimodzi, zitatuzi zikhala ngati anthu atatu amene akufuula nthawi imodzi, wina osamvera mnzake. Ine ndimatsata izi: dizayini imodzi ikhale yaikulu ndipo ndiyo itsogolere, ina ikhale yapakati, yachitatu ikhale yaing'ono moti mukaima pakhomo izioneka ngati mtundu umodzi. Kwanuko mtsogoleri alipo kale, ndi maluwawo. Maluwa ndi mizere zimakhalirana bwino chifukwa china n'chopindikapindika pamene china n'chowongoka. Zimene sizimvana kawirikawiri ndi maluwa aakulu amitundu iwiri atagundizana.

Tsono pa zithunzi zitatuzo, cha nyanja ndicho chuma chanu. Chili ndi buluu wa pa sofa, chilinso ndi kufiirira kwa pa makatani, choncho ndicho chimangirire ziwirizo pamodzi. Chipachikeni pamwamba pa sofa, pakati penipeni. Buluu ndi olenji ndi mitundu yoyang'anizana, monga zilili zofiira ndi zobiriwira, kapena zachikasu ndi zapepo, ndipo mitundu yotere ikayandikana uliwonse umawala kuposa mmene umawalira uli wokha. Izi anazifotokoza bwino ndi Michel Eugène Chevreul, katswiri wa ku France amene mu 1824 anayamba kuyang'anira zonika ulusi pa fakitale yoluka nsalu ya Gobelins ku Paris. Anthu ankadandaula kuti ulusi wakuda ukuoneka wosuluka. Iye atauyeza anapeza kuti utoto unali bwinobwino. Chimene chinkapusitsa maso ndi mitundu yoyandikana nawo, ndipo analemba zimenezi mu 1839. Ndiye musamaweruze chithunzi chili m'manja. Chiikeni pafupi ndi nsalu imene chizikhala nayo, muchione masana, muchionenso usiku mutayatsa getsi, chifukwa babu lachikasu limazimitsa buluu.

Cha mbalame sichivuta, chikhoza kukhala pambali pa cha nyanjacho. Cha mabokosi ndicho ndikuchikayikira pafupi ndi mizere ya sofa. Chipezereni khoma lina lopanda kanthu, kapena mukhonde la m'nyumba lopita kuzipinda, kumene chikhale chokha. Kupatsidwa zithunzi zitatu sikukukakamizani kuziika pamalo amodzi, ndipo sindikhulupirira kuti achimwene anuwo akakwiya.

Pali kachinthu kena kamene anthu amakaona ngati kowononga malo: pepala lolimba loyera limene limazungulira chithunzi m'kati mwa felemu. Likhale la masentimita 5 mpaka 8 mbali iliyonse. Limapumitsa maso pakati pa chithunzi ndi zonse zozungulira, komanso limathandiza kuti chithunzi chisamatirire pagalasi kukachita chinyezi. Mafelemu a zithunzi zoyandikanazo akhale a mtundu umodzi, akuda onse kapena a thabwa onse. Pa sofa ikanipo mapilo awiri opanda dizayini iliyonse, ofiira mofanana ndi duwa la pa makatani. Ena amagawa mitundu ya m'chipinda kuti 60, 30 ndi 10 pa 100 alionse: waukulu, wothandizira, ndi wongokometsera. Sindiyenda ndi kakyuleta pabalaza, koma mfundo yake ndi yoona: kufiira kuoneke pang'ono m'malo angapo.

Msomali usafulumire. Dulani mapepala ofanana kukula ndi mafelemu, muwamate kukhoma ndi tepi yosachotsa penti, mukhale pampando muyang'ane. Pakhoma lopanda mipando, pakati pa chithunzi pakhale pafupifupi masentimita 145 kuchokera pansi, umu ndi mmene amapachikira m'nyumba zambiri zoonetsera zithunzi. Pamwamba pa sofa, siyani masentimita 15 mpaka 25 kuchokera pa chotsamira, ndipo zithunzi zonse pamodzi zitenge pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kutalika kwa sofayo kuchokera kumanzere kufika kumanja. Anthu ambiri amapachika m'mwamba kwambiri, mlendo n'kumachita kukweza khosi.

FUNSO: Aphungu, chithunzi changa cha maluwa apinki chasuluka, chatsala chobiriwirira ngati chadwala. Chinayang'anizana ndi windo. Chingabwererenso? Bambo wokonda zithunzi.

YANKHO: Pepani bambo, mtundu umene dzuwa ladya subwerera. Kuwala kwa dzuwa kumaphwanya inki pang'onopang'ono, ndipo pa zosindikiza zambiri zofiira ndi zachikasu ndizo zimayamba kutha, buluu wobiriwirira n'kutsala. N'chifukwa chake chanucho chasanduka chotero. Ngati muli nacho pa foni kapena pa kompyuta, kasindikizitseninso, ndipo mufunse inki ya pigment, imene imapirira kuwala kuposa inki wamba. Chatsopanocho muchipachike pakhoma lomwe lili ndi windolo, kumbali kwake, kumene dzuwa silifika mwachindunji. Ngati malo ndi omwewo basi, funsani opanga mafelemu galasi lotchinga UV, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kumene kumasulutsa mitundu, ndipo muzitseka katani nthawi imene dzuwa likulowa m'chipindamo.