Mwana wanga akubetcha pa kuzizira kwa usiku ku America, ndimupatse mpamba?

A Mlangizi,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa mpunga ndi usipa pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Mwana wanga wachisamba analemba Fomu 4 chaka chatha koma ntchito sanaipeze. Msuweni wake wa ku Johannesburg anamutsegulira akaunti pa tsamba lina la intaneti, pomwe akuti anthu amaika ndalama polosera kuti usiku kuzizira kufika madigiri angati m'mizinda ya ku America. Tsiku lonse maso ali pafoni. Ndikamudzudzula amati, "Amayi, iyi si njuga ngati ya mpira, ndi msika, ndipo ndimayamba ndawerenga zanyengo." Pano akufuna ndimutengere K150,000 ku banki m'khonde kuti awonjezere mpamba. Kodi ndimupatse?

Mayi wodandaula, Salima

Mayi,

Ndalama ya banki m'khonde musamupatse. Koma musamutchulenso wabodza, chifukwa misika imene akunenayo ilipodi, ndipo mukaimvetsa mudzayankhula naye modekha.

Yodziwika kwambiri ndi Kalshi, kampani ya ku America imene imayang'aniridwa ndi bungwe la boma lotchedwa CFTC, komanso Polymarket yomwe imagwiritsa ntchito ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto. Amafunsa funso loyankhidwa ndi inde kapena ayi, monga lakuti, "Kodi mawa ku New York kuzizira kukathera pa madigiri 70 kapena 71?" Awa ndi madigiri a Fahrenheit, 70 awowo ndi pafupifupi 21 pa muyeso wa Celsius umene timamva pa wailesi. Munthu amagula yankho pamtengo wa pakati pa senti imodzi ndi masenti 99. Akalondola amalandira dola imodzi, akaphonya zonse zapita. Kuno tikamafunda ziwiri mu June ndi July, mwera ukuwomba pa nyanja, kumeneko ndiye chilimwe chafika pachimake.

Zoti amawerenga zanyengo ndikumukhulupirira, ndipo phunziro lake ndi lokoma. Masana dothi, misewu ndi makoma zimamwa kutentha kwa dzuwa, usiku n'kumakutulutsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake nthawi zambiri kumazizira koposa m'mbandakucha. Mitambo ikakuta kumwamba imakhala ngati bulangete, kutenthako sikuthawa. Mpweya ukakhala ndi chinyezi chochuluka, kuzizira sikutsika kwambiri. Inunso mukudziwa mmene usiku wa October umakhalira ku Senga Bay: madzi a nyanja amasunga kutentha, anthu n'kumagona pakhonde, pomwe ku Dedza kuphiri akufuna chofunda. Mizinda ikuluikulu nayo, chifukwa cha simenti ndi phula, imachezera kutentha kuposa midzi yoizungulira.

Vuto ndi lakuti zonsezi sakuzidziwa yekha. Mtengo umene amaupeza pafonipo wapangidwa kale ndi anthu amene awerenga malipoti omwewo, ndipo ena mwa iwo ali ndi makompyuta amene amagula ndi kugulitsa okha chipangizo choyezera kutentha chikangosintha. Kuti mnyamata wanu apindule, sikokwanira kudziwa kuti usiku ukhala wofunda. Ayenera kulosera bwino kuposa anthu amenewo, tsiku ndi tsiku, pa kusiyana kwa digiri imodzi yokha ya kwathu kuno, mumzinda umene sanapondemo. Ine pamenepa m'pamene pamandiwawa, chifukwa ana anzeru ndi amene amakodwa msanga. Akalondola kangapo amayesa kuti ndi mutu wawo wagwira ntchito.

Tiyeni tiwerengere limodzi monga mumachitira pa mpunga. Akagula yankho pa masenti 60, kulondola kumamupatsa phindu la masenti 40, kuphonya kumamudyera 60. Ndiye kuti pa maulendo 10 ayenera kulondola 6 kuti angobweza mpamba, tisanachotse ndalama yodula eni tsamba ndi ya bandulo. Ambiri amathamangira mayankho ooneka ngati osakayikitsa a masenti 90. Pamenepo phindu ndi masenti 10 basi, ndipo kuphonya kamodzi kumafufuta kulondola kwa maulendo 9.

Palinso timalamulo tating'ono timene timagwetsa anthu. Mlandu sugamulidwa ndi zimene foni ikuonetsa, koma ndi chipangizo chimodzi chotchulidwa m'malamulo a msikawo. Pa Kalshi, za New York amatengera cha ku Central Park, paki ya mumzindawo, kudzera mu lipoti la National Weather Service, nthambi ya boma la America yoona zanyengo. Misika ina imatengera cha pa bwalo la ndege, ndipo ziwirizi zimatha kusiyana usiku womwewo. Chinanso, m'chilimwe ku New York amakankhira mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi, koma lipotilo silitsatira kusinthako, motero tsiku la mu lipotilo limayamba 1 koloko usiku n'kutha 1 koloko usiku wotsatira. Munthu akhoza kusangalala kuti walondola kuzizira kwa m'mbandakucha, kuno nthawi ili cha kumasana popeza tili patsogolo ndi maola 6, kenaka madzulo kumeneko kugwa mvula yamabingu, kuzizira n'kutsika kupyola kwa m'mawa kuja, ndalama n'kupita iye ali mtulo.

Tsono ndi msika kapena njuga? Mufunseni funso limodzi: akanapanda kuikapo ndalama, usiku wofunda wa ku New York ukanamuonongera chiyani? Kampani ya magetsi ya kumeneko ili ndi chifukwa, pakuti usiku ukatentha anthu amayatsa makina oziziritsa nyumba mpaka kucha, ndipo makampani otere akhala akudziteteza ku nyengo pa msika wa zachuma wa mumzinda wa Chicago kuyambira 1999. Kuno kwathu mu 2005 alimi a mtedza a NASFAM anayesa inshulansi yolipira potengera mvula yoyezedwa pa siteshoni ya zanyengo. Mlimi amene uja anali kale pangozi ya chilala, ndipo ndalama yake inkachepetsa ngoziyo. Mwana wanu alibe munda ku New York. Ngozi akuchita kuigula yekha, ndipo imeneyo ndi njuga, ngakhale ikhale ndi ma graph okongola.

Musaiwalenso kuti akaunti ili m'manja mwa msuweni. Ndalama yanu ichoka kuno ngati makwacha, isanduke madola osowawa kudzera mwa munthu wina, ndipo zikasokonekera mulibe ofesi ya kuno yokadandaulako. Koma amayi anzanu a ku banki m'khonde tsiku lobweza adzafika pakhomo panu ndi chiwongoladzanja chawo, ndipo amene adzagulitse matumba a mpunga ndinu.

Chimene ndingakupempheni ndi ichi. Mugulireni kope. Kwa mwezi wathunthu azilemba tsiku lililonse yankho limene akanagula ndi mtengo wake nthawi yomweyo, osaikapo ngakhale tambala, ndipo mawa lake azilemba zotsatira inu mukuona. Mwezi ukatha muwonkhetse limodzi. Akakana kudikira mwezi umodzi wokha, kapena mukaona kuti wayamba kubisa foni, kukongola kwa anzake ndi kupsa mtima akaluza, dziwani kuti njugayi yamulowa, ndipo muitane amalume ake kapena akulu ampingo msanga, asanafike kwa akatapila.

Koma chidwi chake pa zanyengo musachiphe. Asodzi a ku Senga Bay ndi Nkhotakota amaika moyo pachiswe mwera ukawadzidzimutsa, ndipo dziko likufuna anthu odziwa kuwerenga mitambo ndi mphepo. Sukulu ya MUST ku Thyolo imaphunzitsa zanyengo. Ngati mapointsi ake a masamu ndi sayansi sanafike, ndalama imene mungakwanitse ipite kolembetsanso mayeso a MSCE.