Funsani Ankolo: Ndege zanga za zitini akuti ndi zidole

Ankolo, ine ndi mnyamata wa zaka 19 ndimakhala ku Chinkhoma ku Kasungu. Kuyambira ndili ku pulayimale ndimapanga ndege za waya ndi zitini, anzanga anasiya kalekale koma ine zinandilowerera moti kwathu amangoti ndikula liti. Nde tsiku lina ndinaona pafoni zithunzi za azibambo akuluakulu akunja omwe amapanga ndege za pulasitiki zooneka ngati zenizeni, amalemba manambala ngati 1:72 kapena 1:144. Manambalawo ndi chani? Nanga ine wa zitini anthu ngati amenewo angandilandire kapena azingondiseka?

Wokonda ndege, Chinkhoma

Mphwanga, a kwanuwo uwauze kuti azibambo unawaonawo ena ndi a imvi mbuu, ali ndi zidzukulu koma amakhala usiku wonse akupenta kampando ka payiloti. Ali ndi bungwe lawo lotchedwa IPMS lomwe linayamba ku UK mu 1963, ndipo Novembala aliyense amachita chionetsero chachikulu ku Telford. Nde za kukula zisakuvute.

Tsopano manambalawo. 1:72 ndiye kuti sentimita imodzi pa ndege yako ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni, basi palibenso matsenga. Muyezo umenewu unachokera kwa Angelezi chifukwa kwa iwo inchi imodzi imaimira mafiti 6, kutalika kwa munthu wamtali. Ndege zankhondo amakonda 1:72 kapena 1:48, pomwe zonyamula anthuzi amakonda 1:144 sinanga ndi zikuluzikulu, kupanda kutero nyumba ingadzadze. Airfix, kampani ya ku UK, inayamba kupanga tindege ta pulasitiki ndi Spitfire, ndege yankhondo, ya 1:72 m'zaka za m'ma 1950. Mapiko a Spitfire yeniyeni ndi mamita 11.2, ukagawa ndi 72 ukupeza masentimita 15 ndi theka, kandege kokwana m'dzanja.

Apa ndiye pagona nkhani yonse ndipo ndikuuza mosapsatira. Chomwe chikusiyanitsa ndege yako ndi yawoyo si pulasitiki ayi, ndi rula. Iwe umapanga ndi maso, chitini chikathera pomwepo ndiye thupi la ndege latheranso pomwepo, mapiko umangoyerekeza kuti apa zili bho. Iwowo amayamba apeza miyezo ya ndege inayake yeniyeni, kugawa, kujambula papepala, kenako nkumadula. Ukayamba kutero, olo ugwiritse ntchito chitini cha Fanta, wasiya zidole walowa m'gulu lawo.

Tiyese ndi ndege yakwathu. Air Malawi, ija inatha mu 2013, inali ndi Boeing 737-300 yomwe ankaitcha Kwacha, akuluakulu kwanuko akuikumbuka. Ndege ya mtundu umenewo ndi yotalika mamita 33.4, mapiko kuchoka nsonga kufika nsonga mamita 28.9. Pa 1:144 ndiye kuti thupi likhale masentimita 23, mapiko 20. Ukafuna yaikulu ya 1:72 thupi ndi 46, mapiko 40, ndipo ine ndingakulangize yaikuluyo chifukwa lata ya chitini imavuta kupinda tinthu tating'onoting'ono, imangokucheka zala.

Pomwe anyamata ambiri amagwa ndi pa matayala. Aliyense amathamangira chitsekero cha botolo, chomwe ndi pafupifupi masentimita 3, pomwe tayala la 737 ndi pafupifupi mita imodzi, kutanthauza kuti pa 1:72 lisafike ngakhale sentimita imodzi ndi theka. Ukaika chitsekero ndege ija imaoneka ngati thirakitala ya pa esiteti ya fodya kkkk. Dula timatayala pa patapata wakutha kapena usake mabatani a malaya. Komanso dzipangire kamunthu ka pepala kotalika masentimita 2.4, ameneyo ndi munthu wa mita 1.7 pa 1:72, uzimuimika pakhomo la ndegeyo, akapanda kukwana pachitseko kapena chitseko chikakhala ngati cha tchalitchi udziwe kuti penapake walakwitsa. Ndipo uyang'anitsitse zithunzi, ma injini a 737-300 kukamwa kwake si kozungulira bwinobwino, kunsi nkophwatalala chifukwa ali pafupi ndi pansi, komanso ikauluka matayala akumbuyo amaonekerabe kumimba, alibe zitseko zowabisa. Tinthu timeneti ndi tomwe odziwa amayamba kuyang'ana.

Za ma kit a Airfix, Revell kapena Tamiya, inde ndi okongola, umapeza zonse m'bokosi mpaka timapepala ta zilembo toviika m'madzi nkumata. Koma kuitanitsa kunja ndi mmene forex ikuvutiramu, kuphatikiza zotumizira ndi msonkho, ine sindingakuuze kuti ugulitse mbuzi. Ngati pali wachibale wobwera kuchokera ku Joni mutume kamodzi ka 1:72 ungoonera mmene amagawira ziwalo. Apo ayi zipangizo uli nazo kale. Anzathuwo amagula balsa, mtengo wopepuka womwe wambiri umachokera ku Ecuador, ife tili ndi chiwale chomwe chimasemeka ndi lezala, pali malaina, pali mkati mwa phesi. Thupi sema la chiwale, kwecha ndi sandipepala mpaka lisalale, lata isiyire mapiko ndi chipsepse cha kumchira. Ndipo kupanga wekha chilichonse popanda kit iwo amati scratchbuilding, amakupatsa ulemu chifukwa ambiri mwa iwo sangathe.

Nde ukamakadzionetsa kwa anthu oterowo, kaya ndi kuno kaya akunja, usayambe ndi kupempha kuti akutumizire zinthu, amathawa. Jambula ndege yako masana panja, kumbuyo kwake uike pepala loyera osati mulu wa zitsononkho, pambali pake rula, unene kuti iyi ndi ndege yakuti, muyezo wakuti, ndapanga ndi zakuti. Wina akakuuza kuti mchira watalika usakwiye, tenga rula uyeze, mwina akunena zoona.

Komanso usaiwale kuti uli ku Kasungu aise. Pabwalo la ndege la pa boma paja mpomwe boma ndi UNICEF anatsegulira malo oyeserera ma drone mu June 2017, kenako mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata zomwezo. William Kamkwamba wa ku Wimbe uja naye anthu ankamuona ngati wapenga pomwe ankatolera zitsulo kudzala. Sindikuti ndege ya chiwale ikupezera ntchito, koma masamu ogawa ndi 72 aja uwagwire.

Ankolo, mwana wanga wa zaka 11 watengera malume ake kupanga tindege, vuto ndi super glue, dzana zala zinamatana analira koopsa. Ndimuletse?

Mayi wodandaula, Kamwendo, Mchinji

Amayi musamuletse, mungomusinthira guluu. Pa makatoni ndi chiwale guluu woyera wa akalipentala uja amagwira bwino, amangochedwa kuuma basi. Zala zikamatana ndi super glue musazikoke mwamphamvu khungu lingasupuke, aviike m'madzi ofunda a sopo nkumazisuntha pang'onopang'ono, mafuta ophikira amathandizanso. Akalowa m'diso musayese kulitsegula, tsukani ndi madzi muthamangire naye kuchipatala. Kudula zitini ndi lezala akhale nawo malume akewo, ndipo penti ya sipuleyi azipopera panja, osati kuchipinda chogona chitseko chotseka.