Mchimwene wanu ali ku Lindela, inu akukuuzani kuti ndalama palibe

Imelo yomwe ndinalandira Lachiwiri yandisowetsa tulo. Achemwali ena a ku Mangochi alemba kuti mchimwene wawo anamugwira ku Joni mapepala atatha, pano ali ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako alendo odikira kubwezedwa kwawo, mwezi wachitatu, ndipo atapita kukafunsa thandizo anawauza kuti boma lachepetsa ndalama zogwiritsa ntchito ndiye adikire kaye. Funso lawo ndi lakuti, "Ndalama zomwe akuti akupulumutsazo zimapita kuti, nanga ineyo ndikagogode pakhomo la ndani?"

Achemwali pepani ndachedwa kuyankha. Nditangowerenga ndinatseka laputopu nkutuluka panja, chifukwa mawu omwe anakuuzaniwo ndi omwewo anandiuza ine mu 2016, osasintha ngakhale limodzi.

Achimwene anga aakulu, a bere limodzi, anapita ku Joni mu 2009. Ankasamala gadeni ya mzungu wina ku Randburg, Loweruka akupanga maganyu openta nyumba. Fizi yanga ya Fomu 3 ndi Fomu 4 analipira ndi iwowo, malata a nyumba ya amayi anagula ndi iwowo, feteleza wa chaka chilichonse ndi iwowo. Poyamba ndalama ankapatsira madalaivala a basi, kenako kunabwera Mukuru, amayi akamva foni yalira kumapeto kwa mwezi ankadziwiratu kuti ndi mwana wawo. Mu June 2016 kuzizira kwa kumeneko kuja anadwala chibayo, koma anakhala masiku ambiri m'kachipinda kawo osapita kuchipatala poopa kuti pemiti inali itatha, mwina akawafunsa mapepala. Pomwe anzawo amawanyamula nkuti zinthu zitaipa kale. Foni inandipeza usiku cha m'ma 2 koloko, ndipo kutacha ndine amene ndinayenda wapansi kukawauza amayi kumunda.

Ndiye panabwera nkhani yobweretsa thupi. Ndinakwera basi kupita kutauni ku ofesi ina ya boma, sinditchula dzina, ndinakhala pa benchi masiku atatu. Tsiku loyamba akuti abwana ali ku msonkhano kunyanja. Lachiwiri akuti bwerani mawa. Lachitatu mayi wina wachifundo anandiitanira pambali nkundiuza motsitsa mawu kuti achimwene musamataye nthawi ndi thiransipoti, ndalama za mwezi uno sizinabwere ndipo atiuza kuti tichepetse chilichonse. Sindinkapempha kuti andigulire bokosi ayi, ndinkangofuna munthu woti aimbe foni imodzi, andiuze mapepala ofunika kuti thupi lidutse pa boda. Ndikutuluka ndinapeza magalimoto akuluakulu atatu ali pa mthunzi injini zikulira, madalaivala akudikira mabwana. Ndinakhala pansi pa mtengo nkulira ngati mwana.

Amene anabweretsa achimwene kumudzi ndi anzawo a sosayiti ya maliro, anyamata a ku Mzimba, a ku Machinga, a ku Nkhata Bay, anthu ogona anayi m'chipinda chimodzi, wina R50 wina R100 mpaka zinakwana, amayi nawo anagulitsa mbuzi zonse zisanu. Bokosi linayenda pa ngolo kumbuyo kwa minibasi, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, thupi litakhala ku mochale masabata atatu. Mmodzi mwa anyamatawo anaperekeza mpaka kumanda ngakhale ankadziwa kuti pobwerera mwina sakamulola kulowanso.

Ndinene chilungamo, kale ndinkaombera m'manja ndikamva kuti boma lichepetsa ndalama zoononga. Ndani sangakondwe? Dziko losauka ngati lathuli anthu kumayenda gulu lonse kupita ku misonkhano ya kunja, aliyense ndi alawansi yake. Mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, a Chakwera analengeza kuti maulendo akunja a akuluakulu a boma aima mpaka March 2024, nduna zomwe zinali kunja zibwerere, mafuta a nduna ndi mabwana adulidwa ndi theka, iwowo sanapite ku msonkhano wa zanyengo ku Dubai. Mu 2012 amayi Joyce Banda anadula malipiro awo ndi 30 peresenti. Zonsezi zinamveka bwino pa wailesi. Koma kulengeza kudula ndi mbali imodzi, mbali inayo ndi kubweranso pakatha miyezi nkutiuza kuti tapulumutsa zakutizakuti, unduna uwu zingapo uwu zingapo, ndipo tazipititsa uku. Mbali yachiwiriyi ndi imene ine ndakhala ndikuidikira, ndipo ndatopa.

Kumbukirani ndege ya pulezidenti ija, yomwe a Bingu anagula mu 2009. Inagulitsidwa mu 2013 pa ndalama pafupifupi madola 15 miliyoni, tinauzidwa kuti agulira chimanga anthu anjala, kenako nkhani inayamba kusinthasintha, kukumveka zoti ndalamazo zinakathera ku ngongole ya zida za asilikali. Chaka chomwecho ndi chomwe Cashgate inaphulika ku Capital Hill. Kenako K6.2 biliyoni ya Covid ija, lipoti la odita litatuluka mu 2021 tinamva za ma alawansi okhaokha, mpaka nduna ya zantchito a Ken Kandodo anachotsedwa pa nkhani yogwiritsa ntchito ndalama za mliri paulendo wa ku South Africa. Ndipo mu May 2020, abale athu omwe anabwera pa mabasi kuchokera ku Joni anakawatula pa Kamuzu Stadium, anthu mazanamazana anathawapo akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Tinawanyoza kwambiri pa Facebook kuti akufalitsa matenda. Ine sindinawanyoze, ndimadziwa ulendo umenewo mmene umakhalira.

Ndiye lero maganizo anga ndi olimba ndipo sindisintha: kuchepetsa ndalama popanda kutionetsa lisiti ndi kungosamutsa ululu. Bwana amene amudulira mafuta ali ndi njira zambiri zobwezera, ulendo wa ku Salima kapena ku Mangochi umodzi wokha zabwerera. Chomwe chimadulidwa zenizeni ndi chomwe mwini wake sangakuwe, ma yunitsi a foni ya pa desiki yothandiza anthu, mafuta a galimoto yokaona omangidwa, mapepala osindikizira chikalata choyendera. Mchimwene wanu ali mkati mwa mpanda ku Krugersdorp, sangachite zionetsero ku Lilongwe, sangaimbe foni pa pulogalamu ya pa wailesi. Ndi amene akulipira.

Ndipo zimandipweteka anthu akamati anapitiranji, anamutuma ndani. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ndi Wenela boma likudziwa, likulandira gawo lake. Mu 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, a Kamuzu anaimitsa kulemba anthu, kenako Theba, yomwe inalowa m'malo mwa Wenela, inadzayambiranso kulemba anthu mpaka 1988. Madala amenewo ambiri amwalira akudikirabe ndalama zawo, ena mumawaona mpaka lero atanyamula timapepala takale m'jumbo. Njira ya ku Joni sanaitsegule ndi achinyamata a lero ayi. Ndipo boma ndi lomwe mu November 2023 linakweza ndege achinyamata 221 kupita kukagwira ntchito m'minda ku Israel nkhondo ili mkati, likunena kuti dziko lipeza forex. Ukamawerengera ndalama za munthu ali kunja, uwerengerenso tsiku lomwe adzagwe m'mavuto.

Sindikunena kuti boma silinathandizepo. Mu April 2015 zipolowe zothamangitsa alendo zitabuka ku Durban, mabasi anatumizidwa ndipo anthu masauzande anafika kwawo. Atsikana athu omwe anakodwa ku Oman, mabwana awo atawalanda mapasipoti pansi pa dongosolo lija la kafala lomwe limamangirira wantchito wobwera kwa bwana wake, BBC inaonetsa nkhani yawo mu 2024 ndipo boma linati linagwiritsa ntchito madola oposa 160,000 kubweretsa amayi 54. Koma taonani mmene zinayambira, mayi wina wa Chimalawi okhala ku America, a Pililani Mombe Nyoni, ndi amene anatsegula gulu la WhatsApp atsikanawo nkuyamba kulowamo mmodzimmodzi, kenako bungwe la Do Bold nkumakambirana ndi mabwanawo. Ndalama zimapezeka makamera akafika. Munthu mmodzi wa ku Mangochi yemwe palibe akumujambula, ndi amene amauzidwa kuti dikirani.

Zomwe mungachite achemwali

Choyamba dziwani kuti lamulo la ku South Africa sililola kusunga munthu wodikira kubwezedwa kwawo kupitirira masiku 120, ndipo khoti lawo lalikulu linagamula mu 2017 kuti womangidwayo azionekera kukhoti pasanathe maola 48. Mwezi wachitatu ndiye kuti masiku atsala ochepa. Pezani tsiku lenileni lomwe anamugwira, dzina lake monga lilili pa pasipoti ndi nambala yake ya ku Lindela, muuze m'bale aliyense ali ku Joni apite nazo ku Lawyers for Human Rights, amathandiza anthu ngati amenewa. Pangano la Vienna la 1963 limati womangidwa kunja ali ndi ufulu woti kazembe wa dziko lake adziwitsidwe nkumuona, choncho lembani kalata ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ya ku Johannesburg, ina ku unduna wa zakunja ku Capital Hill, ina kwa MP wanu. Kalata osati pakamwa, ndipo kope lanu alidinde. Akapanda kuyankha, ofesi ya Ombudsman ndi yaulere.

Pa funso lanu la komwe ndalama zimapita, lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakulolani inuyo, osati atolankhani okha, kulemba kufunsa kuti chaka chino mwaika zingati zothandizira Amalawi ovutika kunja, mwadula zingati, zodulidwazo zapita kuti, ndipo akakana mumakadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Ndikulakalaka komiti ya PAC, yolondoloza ndalama za boma ku Nyumba ya Malamulo, itamafunsa funso limeneli chaka chilichonse, mlembi wamkulu wa unduna uliwonse atakhala kutsogolo kwawo ndi mapepala, osati kudikira lipoti la Auditor General lomwe limafika ndalama zitadyedwa kalekale anthu ake ena atapuma ntchito. Ine ndinalembapo kalata yotere kamodzi ku ofesi ija ndinakhala pa benchi, yankho silinabwere, ndipo sabata ino ndikulembanso chifukwa cha imelo yanuyi.

Amayi anga mpaka pano akamva basi ya ku Joni yadutsa pa msewu amasiya zomwe akuchita nkuyang'ana. Anu asafike pamenepo. Munditumizire tsiku lomwe anamugwira lija usiku uno, mnyamata uja anaperekeza bokosi la achimwene ali ku Roodepoort, kufupi ndi Krugersdorp, ndamuimbira kale ndipo wavomera kukamuona Loweruka.