Kodi ndisiye kuyimba za chisoni changa?

Funso: Amuna anga atamwalira, abale awo anabwera ndi galimoto n'kusesa zonse, mpaka mbale ndi bulangete la ana. Tulo tikasowa usiku ndimapeka nyimbo za zimenezi. Alamu anga akuti ndikuchititsa manyazi banja. Ndisiye kodi?
Mayi wa ku Dedza

Yankho: Musasiye, mayi. Agogo anga ankadandaula za apongozi awo pamtondo, munsi ukugunda, mudzi wonse n'kumva popanda wotchulidwa dzina. Inunso teroni. Dzina la alamu lisalowe m'nyimbo, koma bulangete lija lilowemo. Mawu oti "kulanda katundu" makutu anawazolowera, koma mwana wonjenjemera pamphasa m'chisanu cha Juni ku Dedza, ameneyo palibe angamuiwale.

Nanenso bambo anga atatisiya ndinkayimba ndekha kuseri kwa nkhokwe, misozi ili chuchuchu, mpaka mtima unayamba kupepuka.

Yambani kuyimbira amayi anzanu kubanki m'khonde kapena kukwaya. Ambiri sadziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Mfundo imeneyi muiike m'kolasi, ibwerezedwe. Mukadzaijambula nyimboyo, mukailembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso. Za katundu wanuyo, pitani mukadandaule kwa a DC.