Kodi chikondi chosadzikonda chimatanthauza kungokhala chete?

Mayi, mwafunsa ngati chikondi chimene Baibulo limaphunzitsa chikufuna kuti mupitirize kupirira mwakachetechete pamene amuna anu amakunyozani pamaso pa ana ndipo posachedwapa anakumenyani, popeza ena akukuuzani kuti chikondi chimapirira zonse. Yankho langa ndi lakuti Malemba akukuitanani ndithu kuti muwakonde bambowo mosadzikonda, koma chikondi chotere chimafunira munthu zabwino zenizeni, ndipo kumusiya munthu akuzolowera tchimo lake si kumufunira zabwino.

Mawu amene akukuuzaniwo akuchokera pa 1 Akorinto 13:7. Paulo analemba kalatayi ali ku Efeso, kulembera mpingo umene unali wogawanika kwambiri, moti ena ankadzitcha a Paulo, ena a Apolo, abale ankasumirana kumakhoti, ndipo pa Mgonero wa Ambuye ena ankaledzera anzawo ali ndi njala. Anthu amenewa sanawauze kuti abise zolakwazo, koma anawadzudzula mosapita m'mbali. Vesi 6, imene ili pamwamba pomwepo, imanena kuti chikondi sichikondwera ndi zosalungama koma chimakondwera ndi choonadi, ndipo vesi 5 imanena kuti sichichita zosayenera ndiponso sichipsa mtima msanga. Muyeso umenewu ukukhudzanso amuna anu, amene Aefeso 5:25 ikuwalamula kuti akukondeni monga Khristu anakondera mpingo nadzipereka chifukwa cha iwo. Zimandipweteka mtima kuona kuti mutu umenewu nthawi zambiri umawerengedwera wovulazidwa yekha, wovulazayo osauzidwa kanthu.

Nkhani imene ndikufuna muilingalire mofatsa ndi ya Davide ndi Sauli. Davide anali mkamwini wa mfumuyo, ankaiimbira zeze, koma Sauli atamuponyera mkondo kuti amukhomerere kukhoma, Davide anathawa, ndipo mkazi wake Mikala ndi amene anamutsitsira pawindo usiku. Pa 1 Samueli 24 tikumupeza ali m'phanga ku Engedi, Sauli atalowa momwemo osadziwa kuti muli anthu. Anyamata ake anamunong'oneza kuti nthawi yake ndi imeneyi, koma iye anangodula kansonga ka mkanjo wa mfumu, ndipo ngakhale pa kanthu kakang'ono kameneko mtima unamutsutsa. Kenaka anatuluka, nagwada, namutcha Sauli atate wake, namuonetsa kansalu kaja ali nako m'manja, n'kumuuza poyera kuti akusaka munthu wosalakwa. Sauli analira ndipo anavomera kuti Davide ndi wolungama kuposa iye. Komabe mutuwo ukutha ndi kunena kuti Sauli anapita kwawo, pamene Davide ndi anthu ake anakwera kumalo awo obisalako. Davide anali atakhululuka, sanabwezere, ndipo Sauli atafa anamulira kuchokera pansi pa mtima, koma misozi ya tsiku limodzi sanaitenge ngati umboni wakuti mkondo uja sudzaponyedwanso. Ndipo anaganiza bwino, chifukwa pa mutu 26 Sauli anayambiranso kumusaka.

Apa ndi pamene tiyenera kusiyanitsa kukhululuka ndi kukhulupirira. Kukhululuka ndi kusiya kubwezera m'manja mwa Mulungu, monga Aroma 12:19 ikunenera, ndipo Yesu sanakuikire malire pamene Petro anamufunsa ngati kasanu ndi kawiri n'kokwanira. Kukhulupirira kumabwerera pang'onopang'ono, munthu akamaonetsa zipatso zosonyeza kuti walapa. Ambuye mwiniwake, msilikali atamumenya mbama pamaso pa mkulu wa ansembe, anamufunsa chifukwa chimene wamumenyera ngati wanena zoona (Yohane 18:23). Iye amene anasambitsa mapazi a Yudasi ndi yemweyo amene anaphunzitsa pa Mateyu 18:15-17 kuti wolakwa auzidwe payekha, akakana atengedwe mboni imodzi kapena ziwiri, ndipo akakanabe nkhaniyo ipite ku mpingo.

Choncho musabisenso nkhaniyi. Uzani anthu okhwima m'chikhulupiriro amene angalankhule ndi amuna anu mopanda mantha, osati amene angangokubwezani kunyumba ndi mawu akuti pirirani. Popeza kumenya kwayamba kale, konzekerani malo kumene inu ndi ana mungakhale otetezeka, ndipo kukanena kupolisi si kusowa chikhulupiriro, chifukwa Aroma 13:4 imatcha wolamulira mtumiki wa Mulungu wolanga ochita zoipa.

Sindikubisirani kuti chikondi chimenechi chili ndi mbali yake yolemera kwa inunso. Chikufuna kuti musawaipitse bambowo kwa ana awo ngakhale muli ndi zambiri zimene mungathe kunena, kuti musasangalale zinthu zikawavuta, ndiponso kuti muziwapempherera powatchula dzina, ngakhale pa masiku amene pakamwa pakukana. Aroma 12:18 imati tikhale mwamtendere ndi anthu onse ngati n'kotheka, monga mmene ife tingathere, ndipo mawu amenewo akuvomereza kuti gawo lina si lanu. Kulapa kwa amuna anu simungawachitire inu, ndipo ngati asankha kukana uphungu wonse, mlandu umenewo sudzakhala pamutu panu.